Kukagula Giza ku Chipoka

Giza yotenthetsera madzi ya m'boti la abwana ndinaiwotcha ndine. Ndinaiyatsa mulibe madzi, ndipo kabuku kake ka malangizo ndinakawerenga bwinobwino utsi utatuluka kale. Ine munthu wodziwika ku Lifuwu kuti ndimawerenga ngakhale pepala lokulungira usipa. Botilo limanyamula alendo okagona panyanja, ndipo ena anali kubwera Loweruka. Abwana anangoti alendowo akasamba madzi ozizira, ndikafunefune ntchito ku sikimu ya mpunga.

Lachinayi m'mawa ndinayeza khomo la kachipinda ka pansi m'botimo ndi bango, ndikulidula pomwe khomolo lathera. Giza yatsopano inayenera kudutsa pamenepo. Wanjinga yamoto anandifikitsa pa Salima ndi K5,000, bango lili chilili ngati mlongoti.

Cha m'ma 9 koloko ndinakwera minibasi ya ku Chipoka. Ndili kalikiliki kugula zitumbuwa pawindo, kondakitala anaona kuti bango likumulepheretsa kutseka chitseko. Analithyola patatu, n'kundipatsa mwaulemu zidutswa ziwiri. Chachitatu chinatsala pa depoti. Nditadandaula, anati kunyanja kumene ndikupitako mabango ndi aulere.

Ku Chipoka ndinapeza Che Yusufu, mkulu amene anakalambira m'zipinda za injini za sitima, tsopano amagulitsa zipangizo zakale kuseri kwa nyumba yawo. Anali ndi magiza awiri abwino, ina yonenepa, ina yowonda. Mtima wanga unali pa yonenepayo. Ndinayala zidutswa zanga pansi, ndikuyesa kukumbukira kutalika kwa chosowacho. Che Yusufu anandiyang'ana, nandifunsa:

"Achimwene, pakhomopo inuyo mumalowa bwanji?"

Ndinati ndimalowa, koma mapewa amakhula mbali zonse. Anandiimika ngati telala, nandiyeza mapewa ndi tepi. Yonenepa inandiposa ndi zala zinayi. Yowonda inali saizi yanga.

"Tengani mng'ono wanuyu. Inshallah alowa."

Ndinagulanso pampu yamadzi ndi nyali ziwiri za sola, iwo n'kundiwonjezera mapaipi. Tinadya mpunga wa chambo mkazi wawo ataumirira, ndipo 2 koloko ndinali pa lole ya matola, giza ili pamiyendo. Mayi wina anafunsa ngati mwanayu amalipira. Dalaivala anamva, ndipo mwanayo analipiradi theka.

Lachisanu tinaitsitsira m'kachipinda muja. Inadutsa, utoto wokha ndiwo unatsala pakhomo. Ndinadzaza madzi, ndinayang'ana kawiri, ndinaitana mlonda kuti ayang'anenso, kenako ndinayatsa. Loweruka mlendo wina anadandaula kuti madzi akutentha kwambiri, abwana n'kumwetulira.

Nkhaniyi inafika kwathu ine ndisanafike. A Phiri oyandikana nafe anandipeza ndikudya pakhonde, nayang'ana m'mbale mwanga.

"Chepetsani mpungawo, aneba. Mukanenepa, abwana anu agula giza yosalowa."