Okonza Mawailesi a pa Mponela

Pa Mponela pali bambo ena achikulire okonza mawailesi, amene kale ankaimba banjo m'maukwati a ku Dzoole. Chimbale chatsopano chilichonse amachimvetsera mpaka kumapeto, maso ali chitsinzire, kenako n'kupukusa mutu. "Magitala ngabwino," amatero, "koma anawa amaimba ngati akuthamangira minibasi."

Tsiku lina mdzukulu wawo Diana anawaikira pa foni nyimbo ya gitala ndi mawu okha, osawauza kuti woimbayo ndi iye. Bambowo anasiya ntchito n'kutchera khutu.

"Mtsikanayu akukoka mawu ngati malemu agogo ako aakazi akamaswa mtedza. Ndani ameneyu?"

"Ndine, agogo."

Bambowo anapukuta magalasi awo ndi malaya. "Gitala wakoyo sunamuchune bwino, mwanawe. Koma taibwerezanso."