Chifuwa cha Gervais Mahieu

Gervais Mahieu anakalambira pantchito yomata golide pamipando ya anthu olemera a ku Paris. Mpando unkamupeza utasemedwa kale. Iye ankaupaka choko chosakaniza ndi guluu, n'kuukwecha mpaka usalale, kenako n'kuyalapo golide wopyapyala kuposa khoko la anyezi. Golide wotere amauluka ndi mpweya wa munthu. N'chifukwa chake kwa bwana wake Hurtrel mawindo sankatsegula, ndipo wachifuwa sankamusunga.

Kuzizira kutayamba, Gervais anayamba kutsokomola. Sanafunse munthu kuti n'chiyani. Fumbi la choko linali litatenga kale anzake awiri, ndipo onse anakathera kuchipatala cha amphawi, kogona anayi pabedi limodzi.

"Kawauzeni abwana, bambo," anatero mkazi wake Perrine.

"Ndikawauze kuti andithamangitse? Ndipatse uchi apo, usandiphe ndidakali moyo."

Ankamwa uchi m'mawa, masana n'kumakatsokomolera kuseri kwa khola la mahatchi. Akamva mapazi a bwana pamasitepe, ankachimeza chifuwacho.

Tsiku lina ankamata golide pampando wa maluwa osemedwa mozama. Anasisita burashi patsaya kuti itengeko mafuta a khungu, n'kunyamulira golide. Pomwepo pakhosi panayabwa. Anatseka pakamwa, misozi ili mbwee, golide ali lende m'mwamba.

"Madala, mwafiiratu ngati nkhanu yophika," anaseka Léonard, mnzake wa patebulo. "Vinyo wa dzulo ameneyo?"

Gervais anayala golideyo bwinobwino, n'kutuluka chothamanga. Pabwalo chifuwa chinamugwetsa chogwada. Atapukuta pakamwa, pansalu panali magazi, ndipo pafupi ndi chitsime panali pataima bwana Hurtrel.

"Chinayamba liti?"

"Ndi fumbi chabe, bwana."

"Fumbi lofiira? Musandiyese mwana, a Mahieu." Bwanayo anayang'ana kumbali. "Maluwa aja palibe wina angawathe. Malizani mpandowo. Ukatha, m'chipinda muja musadzalowemonso."

Gervais anasamba kumaso, n'kubwerera patebulo pake. Panali patatsala mwendo umodzi ndi duwa lakumsana, ntchito yoti kale akanaimaliza dzuwa lisanalowe. Anatenga burashi, n'kuyamba ndi kakona kakang'ono kosaoneka. Chiyambire ntchito, anali asanagwirepo pang'onopang'ono chotero.