Mchere wa a Zuze

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, kwa mzungu wolima fodya kufupi ndi Sinda, nkhondo ya Ajeremani itangotha. Ndinali nditangokwatira, ndipo ndinkadziona ngati wanzeru kuposa mudzi wonse.

Ndinkatunga madzi ndi kusamala bokosi lagalasi la pakhonde. M'menemo munali tinsomba tinayi totalika ngati chala, maso pamwamba pa mutu ngati chule, zipsepse za kumimba zolumikizana moti tinkamatirira pagalasi. Bwana anatitenga ku Chinde, kwa Apwitikizi, koma ngakhale iye sankadziwa dzina lake. Ine ndinkatikumbira nyongolotsi, kupukuta ndere ndi kansalu, ndi kutulutsa zinyalala za pansi poyamwa kapaipi ka mphira.

Tsiku lina, bwana ali ku boma, ndinayamwa kwambiri, madzi n'kundilowa m'kamwa. Mchere! Ndinalavula thupi lonse litachita tsemwe. Kwathu mchere sitisewera nawo. Wothira molakwika amadula anthu. Nanga wothira m'madzi a nsomba akufuna chiyani?

Ndinabisala kuseri kwa thanki mpaka ndinawaona a Zuze, khukhi wachikulire amene anabwera ndi bwana kuchokera kunyanja. Anasungunula supuni ya mchere m'chikho, n'kulawa, n'kuthira pang'onopang'ono. Ndinathamangira kwa dona, mkazi wa bwana, kukawaneneza.

A Zuze sanakane. "Nsombazi n'za kumatope kumene Zambezi amakumana ndi nyanja," anatero. "Madzi ake azikoma ngati misozi. Mchere ukapitirira zifa, ukachepa zifanso."

"Madala, musatipusitse," ndinatero ine. "Mtsinje wonse anauthira mchere ndani?"

Dona, amene ankadandaula kale kuti mchere ukutha msanga, anawauza amange katundu. Anachoka masana omwewo, mphasa pamutu, osandiyang'ana n'komwe.

Ine ndinataya madzi onse aja, n'kutsuka galasi mpaka kuwala, n'kudzaza madzi ozizira a pachitsime. Ndinkayembekeza kuyamikiridwa.

M'mawa mwake ndinapeza kamodzi kali chagada. Dzuwa lisanafike pamutu, kachiwiri kanatsatira. Totsalato tinali titayezuka, tikupuma mwabefu pakona, nyongolotsi osaziyang'ana. Ndinasintha madzi kachiwiri, poganiza kuti mchere unatsalira mumchenga, ndipo kachitatu kanafa ndikuona.

Pamenepo manyazi ndinawaika pambali. Ndinalowa m'khitchini, n'kutapa supuni imodzi ya mchere, kusungunula m'chikho, kulawa, kuthira pang'ono, kudikira, kulawanso. Ndinachita zomwe ndinaneneza nazo munthu dzulo lake. Pofika madzulo, kansomba kotsala kanakwawira pagalasi n'kumatirira, kenaka kanameza nyongolotsi.

Bwana atabwerako anatsegula buku lake la zithunzi za nsomba, n'kupeza kofanana nako. Anawerenga za madzi ake amchere, n'kutseka bukulo.

"Zuze ali kuti?" anafunsa.

Anandituma kukawabweza. Ndinayenda masiku asanu ndi limodzi, kufunsa m'midzi mpaka ku Vubwi. Kumeneko mayi wina anati anaona nkhalamba yotsimphina ikuwolokera kwa Apwitikizi, ikupempha madzi akumwa. Kupitirira apo palibe anawaonanso.

Ntchito ya ukhukhi anandipatsa ine, ndipo ndinaigwira zaka zambiri. Chiyambire pamenepo, ndikaona munthu akuchita chimene sindikuchimvetsa, ndimayamba ndamufunsa, ndipo akayankha ndimatseka pakamwa. A Zuze anandiyankha bwinobwino, ine n'kuwaseka.