Nkhupakupa pa Msana wa Mkamwini

Tambala wachiwiri akamalira, Fabiano ankakhala atadzuka kale. Ankasukusula, n'kukulunga chinangwa chophika m'tsamba la nthochi, khasu paphewa, ulendo wokapalira tiyi wa mzungu mame asanaume. Anabwera kuno ali mnyamata, wapansi kuchokera kwa Apwitikizi. Atakwatira Lestina, mwana wa a Teleza, anamanga kanyumba kuseri kwa nkhokwe ya apongozi akewo.

Anali mkamwini waulemu. Akakumana ndi a Teleza panjira ankapatukira m'tchire, iwonso n'kuyang'ana kumbali. Zaka zonsezo sanadyerepo limodzi kapena kuyang'anana m'maso, ndipo a Teleza ankamutamanda kwa amayi anzawo kutchalitchi.

Chimene Fabiano ankakonda chinali kuwedza. Lamulungu akatuluka ku Misa ankatsikira ku Nswadzi, kudutsa m'udzu wautali momwe munkadya ng'ombe za pa esiteti. Ankabwerako ndi timilamba towerengeka, koma nkhupakupa thupi lonse. Lestina ankamukhazika padzuwa n'kumazichotsa imodziimodzi, zokakamira akuzifikitsira kakhala ka moto.

"Nsomba mwasiya m'madzi, mwabwera ndi izi," ankatero Lestina. "Kapena tikazinge zomwezi?"

"Kazingani, koma mchere mukapemphe kwa amayi anu. Ine sindingafikeko."

Chaka china cha dzombe, Lestina anapita kumaliro ku Thekerani n'kukakhalitsako. Pakhomo panatsala Fabiano ndi apongozi ake okha. Lamulungu litafika, Fabiano anapitabe kumtsinje. Nkhupakupa za m'miyendo anachotsa yekha, koma imodzi inaluma pakati pa mapewa, pomwe dzanja silifika. A Teleza anaiona ali pakhonde, mkamwini akuwaza nkhuni atafulatira: kanthu kotuwa, kofufuma ngati njere ya nsatsi. Kutacha, Fabiano anadzikhula pa nsanamira ya nkhokwe mpaka nkhupakupayo inaphulika. Mutu wake unatsalira m'mnofu.

Lestina pobwera anapeza mwamuna wake akunjenjemera dzuwa likuswa mtengo, bala litada pakati, m'khwapa mutatupa. Anayesa zitsamba, osathandiza. Anzake a kumunda anamunyamula pa machira kupita naye kuchipatala cha kumishoni, koma anatsirizikira panjira. Ena anati anali malungo, ena anati anachita kulodzedwa. 

A Teleza anakhala ndi moyo mpaka kukalamba, osajomba ku Misa, ndipo dzina la Fabiano silinkasowa m'mapemphero awo. Anthu a pamudzi ankasimba kuti mkamwini ameneyo sanalankhulepo ndi apongozi ake mpaka imfa. Komatu analankhula nawo kamodzi. Linali Lamulungu lomwe lija, dzuwa likupendeka. Anaima kuseri kwa nkhokwe, nkhope atalozetsa kumunda, ngati akulankhula ndi nkhuku. A Teleza anali akusenda chinangwa, makala akuyaka pafupi ndi phazi lawo. Anamva mawu onse. Anaganiza za zomwe anthu anganene atawaona akukhudza msana wa mwamuna wa mwana wawo, ndipo anazyolika n'kupitiriza kusenda, mpaka mapazi aja anachoka.

Fabiano anali atati: "Pepani, amayi, ndikudziwa kuti n'zosayenera. Pali chinthu kumsana kwangaku. Simungandichotseko, ngakhale mutatsinzina?"