Wotsuka Mapale wa ku Pompeii

Nunziata Vitiello anayamba ntchito ku mabwinja a Pompeii ali ndi zaka makumi awiri, chaka chomwe bambo ake anasiya kukankha wilibala ya phulusa chifukwa cha chifuwa. Anampatsa beseni, kabulashi ndi mpando m'chisakasa cha kuseri. Ofukula zakale ankabweretsa mapale m'mabokosi, iye n'kumatsuka ndi kuyanika.

Sukulu sanapite nayo patali, koma manja ake anaphunzira. Ankazindikira mphika umene unapsereza ndiwo, mtsuko umene unang'aluka mwiniwake n'kuulumikiza ndi mtovu, chipeso chotha mano mbali imodzi. Tsiku lina kunabwera zinthu za m'kachipinda ka pamwamba pa nyumba yophikira buledi: nyali imodzi, chikho chimodzi, kambaula kokwana kamphika kamodzi, ndi mbale yofiira yokandikakandika ndi mpeni.

"Mosungira katundu umu," anatero pulofesa wina wochokera ku Roma.

"Pepani bwana, munkakhala munthu," anatero Nunziata osadzutsa mutu. "Ankadya yekha. Taonani mbaleyi, yathera malo amodzi."

Pulofesayo anaitembenuza mbaleyo, analemba kenakake m'kabuku, n'kutuluka.

Pasquale Iovine, amene ankamata mapale patebulo loyandikana, anadikira kuti bwanayo afike patali.

"Ndiye mwapeza wachibale, mayi Nunzia? Timuyitane pa Khirisimasi?"

"Matani mtsukowo, a Pasquale. Wadzulo uja munaumata khutu chadodolido."

Aliyense ankadziwa kuti Nunziata nayenso amadya yekha. Mwamuna wake, Gaetano, anapita ku Jeremani mu 1963 kukagwira ntchito kufakitale ya galimoto. Makalata anabwera zaka ziwiri, kenako zii. Msuweni wina ndiye anadzaulula kuti kumeneko ali ndi mkazi wina ndi ana awiri. Nunziata analera yekha mwana wawo Rosaria, amene atakula anakwatiwa ku Torino, mzinda wakutali kumpoto.

Patatha chaka mkazi wa Pasquale atamwalira, bamboyo anabwera pa nkhomaliro ndi nsomba zokazinga zokulunga m'pepala, n'kukhala pabenchi ya Nunziata.

"Ine nyumba yandikulira," anatero. "Inunso yanu sindikhulupirira kuti ikukukwanani."

"Kutchalitchi ndidakali wa Gaetano."

"Gaetano akudya masoseji ku Jeremani."

"Adye. Ine ndinalumbira pamaso pa wansembe."

Komabe nkhaniyo inamuzunguza sabata yathunthu. Lamlungu atatuluka ku Misa, atavala diresi yake yabuluu, anayenda mpaka mumsewu wa Pasquale. Chitseko chinali chotsekula, wailesi ikulira m'katimo. Anaima kanthawi tsidya lina, anagula tomato pa ngolo ya wamalonda, n'kubwerera kwawo. Pasquale sanadziwe za ulendowo, ndipo sanafunsenso. Atapuma pa ntchito anasamukira kwa mwana wake ku Salerno.

Madzi ozizira a m'beseni anamupatsa Nunziata nyamakazi, moti pofika 1994 zala zinakana kugwira kabulashi. Rosaria anadzamutenga. Ku Torino ankakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, ndipo adzukulu ankaseka kalankhulidwe kake ka kumwera. Ankangokhala pawindo kuonerera chifunga.

"Amayi, mukusowa chiyani kuno?" anafunsa Rosaria ataona chikwama chili chomangamanga.

"Palibe, mwanangu. Mwandisunga bwino. Ndiperekezeni kusitima."

Anakhala zaka zina khumi ndi chimodzi m'nyumba yake yakale. Lachiwiri lililonse ankapita kugeti la antchito ku mabwinja kuja kukapereka moni, mpaka omudziwa anatha, alonda atsopano n'kuyamba kumulozera kogulira matikiti. Kuyambira pamenepo ankangopita ku Misa ndi kumsika.

Anamwalira mu Febuluwale, m'mawa wina wamphepo. Carmela, mayi woyandikana naye nyumba, anampeza atakhala pampando, jasi ili m'thupi. Kumaliro kunabwera anthu asanu ndi anayi. Pasquale, amene panthawiyo maso anali atasiya kuona, anamva za imfayo patapita miyezi itatu.