Matayala amene kampani sinatisankhire

Lachiwiri lapitali, inu amene munali pa siteshoni ya maminibasi a ku Nakoli munaona mayi wonenepa atavala chitenje chake chabwino, atakhala kumbuyo kwa vaneti pakati pa mabokosi opanda kanthu, atagwiritsa chitsulo ndi manja onse awiri. Ena munaloza. Mayi wina wa kumpingo kwathu anayang'ana kumbali dala kuti asandichititse manyazi.

Musavutike, amayi. Ndinali ine ndithu, ndipo manyazi ndinalibe. Chikwatiwire sindinanyadepo ngati tsiku limenelo.

Amuna anga, bambo a Tisa, anayamba ntchito pansi pa mgodi tisanakwatirane. Ankakonza mapampu otulutsa madzi. Mgodi utatsekedwa, kampani inagulitsa magalimoto ake akale, ndipo iwo anagulako vaneti imodzi. Inafika pakhomo n'kuima pansi pa mtengo wa mango. Eni ake anatenga mpando n'kukhala pambali pake. Miyezi inapita onse awiri ali pomwepo, wina osalira, wina osalankhula.

Pakati apo akulu awo ku Katete anatumiza mawu akuti tibwerere kumudzi, munda ulipo. Kampani nayo inali italonjeza lole yosamutsa aliyense wofuna kubwerera kwawo, ndipo yomaliza inyamuka kumapeto kwa mwezi uno. Kumudzi si koipa, ine ndinakulira komweko. Koma Tisa ndi abale ake anabadwira muno m'Kabwe. Chinyanja chawo n'chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi, khasu amaliona pa tsiku loyeretsa kusukulu, ndipo Tisa akulemba mayeso chaka chino. Ndinkadziwa kuti tikakwera lole imeneyo, sukulu yake yathera pomwepo.

Mnzanga wina wogulitsa pamsika anatiuza kuti kupitirira Mulungushi, kutsidya kwa dambo lina, alimi akutaya matimati chifukwa nthawi ya mvula palibe galimoto imene imawoloka. Tinagwirizana ndi bambo a Tisa kuti tiyese kamodzi kukanyamula matimatiwo. Vaneti ikawoloka, tikhala. Ikakanika, timanga katundu.

Koma matayala ake anali osalala ngati mbale. Choncho tinapita kusitolo ya matayala m'tauni, ine ndili pambuyo pawo.

Wogulitsa, bambo wobadwira m'tauni muno dzina lake Chanda, anafunsa, "Ba mudala, mufuna ya bwanji? Ya pa tala, ya mu mchenga, olo ya mu matope?"

Amuna anga anacheuka kumbuyo. Ndinaona ndi maso angawa. Kumbuyoko kunalibe kapitawo, kunalibe mkulu wa sitolo ya kampani, kunali ine ndi mulu wa matayala akutha. Anakhosomola, kenaka anati, "Tipatseni amene kampani imaika."

Chanda anaseka, osati mwachipongwe. "Kampani iti, ba mudala? Kampani inafa kudala. Manje kampani ni imwe."

Bambo a Tisa anavala chipewa n'kutuluka. Ine ndinatsala ndikumuyang'ana Chanda uja, dzanja likundiyabwa. Koma munthu ungamumenye chifukwa wanena zoona?

Inu a m'nyumba za mgodi mukudziwa zimene ndikunena. Kodi tinasankhapo chiyani ife? Nyumba anatisankhira. Ufa unkabwera wokha. Nsapato za ntchito, chipatala, timu ya mpira, ngakhale bokosi la maliro, zonse zinali ndi ofesi yake. Nthawi yodzuka inkanenedwa ndi huta, lipenga lija linkamveka tauni yonse. Babu likapsa m'nyumba, sunkakwera pampando ayi. Unkakanena ku ofesi, ndipo kunkabwera anthu awiri ndi makwerero.

Munthu amene ankatha kuphwasula pampu yaikulu kuposa khitchini yanga n'kuimanganso ali m'madzi ofika m'chiuno, sanafunsidwepo n'kamodzi komwe kuti, "Mukufuna iti?" Si uchitsiru, si ulesi. Anatilera choncho, ndipo ife tinkati ndi chikondi.

Babu la pakhonde pathu linapsa mgodi utangotsekedwa. Mpaka Lachiwiri lapitali linali likadali pomwepo, lakuda, tonse m'nyumba tikulidutsa pansi. Tinkadikira ndani? Funsani amuna amene amakhala pansi pa mitengo m'makomboni athu, akuuzana kuti ogula mgodi afika mwezi wamawa. Chinapita chaka mwezi wamawawo usanafike.

Tsiku lotsatira titachoka kwa Chanda, bambo a Tisa anadzuka, anatenga chitsulo chachitali chosongoka, nakwera minibasi osanena kumene akupita. Anabwera madzulo matope ali m'mawondo, ndipo kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri analankhula tikudya. Anali atayenda dambo lonse wapansi, akubaya matope ndi chitsulo chija. Anapeza kuti matopewo ndi apamwamba chabe. Pansi pake, kuya kosafika pachigongono, pali nthaka yolimba ya timiyala. Ana anasiya kudya n'kumawayang'ana atate awo ngati mlendo.

Titabwerera kusitolo, Chanda anagubuduza matayala otakata, onyezimira. "Aya ndiye ya mabwana, ba mudala. Vaneti izaoneka mushe maningi."

Amuna anga sanacheuke. Anagwada, nalowetsa zala m'mano a tayala. "Awa mano ake ali pafupipafupi. Matope akalowa satuluka, tayala limasanduka sopo. Ndipo lotakata limayandama pamwamba, ine ndikufuna lofika pansi." Analowa okha mkati mwa sitolo n'kutulutsa awiri oonda, aatali, a mano akuluakulu otalikirana, onyansa kwabasi. Anawafinya m'mbali kuona ngati angapirire zitsa. Anati amenewo apita kumbuyo, chifukwa vaneti yathu imakoka ndi miyendo yakumbuyo.

"Yazalira pa tala aya, tauni yonse izamvera," anatero Chanda.

"Alire," anayankha bambo a Tisa. "Huta inasiya, wina azilira."

Kuyambira tsiku limenelo pansi pa mango panasanduka garaja. Anakweza vaneti pa jeke, nawonjezera chitsulo pa masipuling'i akumbuyo kuti isagwade ikanyamula. Anadula m'mphepete mwa bodi kuti matayala aatali aja asakhule. Zotchinga matope anazidula kuchokera ku lamba wakale wa makina onyamula miyala mumgodi, amene anagula kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Anzawo a mumgodi ankabwera kudzaonerera, aliyense ndi nzeru yake, ndipo iwo ankamvetsera onse n'kuchita zawo.

Lachinayi ndikuchokera ku chigwirizano cha amayi a kumpingo ndinapeza matiresi ali pansi m'chipinda.

"Bambo a Tisa, bedi lili kuti?"

"Lili panja, likugwira ntchito."

Ndinatuluka. Bedi lathu lachitsulo linali litadulidwa n'kuwotcheredwa kumbuyo kwa vaneti, litasanduka mpanda wotchinga mabokosi. Kumutu kwake, kumene ndinkakolekako chitenje, kunali kuseri kwa galasi la dalaivala.

"Bedi limene tagonapo chikwatiranire?"

"Linali la kampani, mayi a Tisa. Tsopano ndi lathu."

Ndinakwiya, sindinama. Msana wanga suli wa pansi ayi. Koma ndinaona mmene anawotcherera m'makona, mosalala, mosamala, ndipo mkwiyo unasowa pogwira. Vanetiyo inali yonyansa tsopano, matako m'mwamba, mphuno pansi. Koma paja akulu anati ukaipa dziwa nyimbo.

Lachiwiri m'mawa ndinatsegula chitseko chakutsogolo kuti ndikhale ngati mkazi wa mwini galimoto. Amuna anga anakanda m'mutu.

"Mayi a Tisa, popita tilibe katundu. Kumbuyo kukapepuka matayala sagwira. Pa dambo pafunika kulemera."

"Ndiye muikeko miyala."

"Mwala sumva ukauuza kuti sunthira kumanzere."

Zaka zonsezi a kuchipatala akhala akundiuza kuti ndichepetse thupi. Taonani lero! Ndinati ngati ndili katundu, ndikhala katundu kuyambira pakhomo, tauni yonse ione. N'chifukwa chake munandiona ku Nakoli, matayala akuimba pa tala mpaka agalu kutithamangira.

Titafika pa dambo anaima, nachotsako mpweya pang'ono m'matayala akumbuyo, navula chipewa. Ine ndinapemphera mokweza, iwo chamumtima. Kenaka tinalowa.

Poyamba zinayenda. Pakati penipeni vaneti inatsetsereka, inapendekera, n'kuima. Matayala anayamba kuzungulira pamalo amodzi, matope akuthovukira m'mwamba n'kundigwera kumutu. Pamenepo mtima wanga unaona lole ija itaima pakhomo pathu, mabuku a Tisa ali m'katoni. Ndinaopa kwambiri.

"Kumanzere, mayi a Tisa! Kumanzere!"

Ndinadziponya pamwamba pa tayala lakumanzere ndi thupi lonse limene Mulungu anandipatsa. Ndinamva pansi panga kukukuta, mano aja atafika pa timiyala. Vaneti inanjenjemera, inasuntha pang'ono, inasunthanso, kenaka inakwera mtunda wakutsidya ikutsokomola utsi.

Alimi anali atatuluka m'minda kudzaonerera. Anafuula ngati timu yagoletsa. Ine ndinatsika matope thupi lonse, chitenje changa chabwino chitatheratu, ndipo ndinaimba nthungululu osasamala za wina aliyense. Bambo a Tisa anatsika, anazungulira vaneti, nagwira tayala lija ndi dzanja.

Mabokosi atadzaza, mlimi wina wachilenje anawafunsa m'Chinyanja cha m'tauni, "Manje muzabwela futi liti, ba bosi?"

"Lachisanu," anatero, osayang'ana kwa ine, osayang'ana kumbuyo.

Pobwerera katundu anali wolemera, vaneti inawoloka mosavuta, ine ndili kutsogolo tsopano.

Pano ndinene mawu amodzi kwa inu akuluakulu amene mukugulitsa makampani a boma uku mukutiuza pa wailesi kuti tidzidalire. Musatenge nkhani yanga n'kuisandutsa ulaliki wanu. Si aliyense anatuluka mumgodi ndi vaneti. Ambiri anatuluka ndi chifuwa ndi malonjezo, ndipo ana awo akusewera pa milu ya zotsalira za mgodi mpaka lero. Munthu amene wamunyamula kumsana moyo wake wonse sumugwetsa pamsewu n'kumuuza kuti thamanga. Mlandu umenewo ukadali wanu, ndipo matayala a amuna anga sanaufufute.

Koma kwa ife a m'makomboni ndikuti, manja amene anatulutsa madzi mumgodi uja sanatsekedwe pamodzi ndi geti. Akadali pa ife, ndipo amadziwa zambiri kuposa zimene kampani inkawafunsa.

Titatsitsa matimati pamsika masana, ndinkaganiza kuti tilunjika kunyumba. Bambo a Tisa anaimitsa vaneti pa kasitolo ka zamagetsi. Ndinawatsatira, matope akuuma m'miyendo.

"Ndikufuna babu," anatero.

Mayi wogulitsa anafunsa, "Ya bwanji, ba tata? Yowala pang'ono olo maningi?"

Ndinapuma mokoka, ndikuyang'ana khosi lawo. Silinatembenuke.

"Lowala kwambiri. Odutsa aziona kuti pakhomo pano anthu sanasamuke."

Titafika kunyumba anakwera okha pa mpando uja anakhalapo miyezi yonseyi, nachotsa babu lakuda lija. Atatsika anauza Tisa kuti apite kwa mnansi wathu wina amene akukwera lole yomaliza, akamupemphe kuti akafika ku Katete akapereke moni kwa akulu awo a bambo a Tisa, ndipo akawauze kuti mundawo aubwereke wina chaka chino.

Tikugonabe pansi, ndipo msana wanga ukudandaula. Koma Tisa akuwerengera mayeso ake pakhonde.

Nanga inu, babu lija linapsa pakhomo panu likudikira ndani?