Njere za Soya za Dyness

Dyness Nyirongo wa ku Jenda ndi munthu wosakonda kuuzidwa chinthu kawiri. Sukulu analekeza Fomu 4, masamu atakhoza bwino, koma ndalama ya koleji inasowa. Anayamba ntchito m'kashopu kotayipa ndi kusindikiza makalata m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo kompyuta anaidziwira momwemo, makasitomala akachepa. Alimi a soya a m'mudzi mwawo atapanga gulu, anamusankha kukhala mlembi, n'kumupatsa laputopu yakale ya batire lakufa.

Ena ankati mtsikanayu ndi wamatama. Ine amene ndinakula naye ndikuti ayi, kungoti akakhulupirira chinthu amachikhulupirira ndi mtima wonse.

Chaka china gululo linasunga soya wambewu m'chipinda chodontha, ndipo mvula itayandikira panabuka mkangano: adzale yemweyo kapena agule wina? Amene anavutika mtima kwambiri anali a Marjory, mayi wamasiye wa munda umodzi, amene ankafuna kugulitsa mbuzi yawo kuti agule mbewu yatsopano.

Dyness anati ayese kaye. Mu pulogalamu ya pakompyuta ya Excel anali atapeza fomula yotchedwa BINOM.DIST. Umaiuza njere zimene wayesa, zimene zamera, ndi mwayi woti njere imodzi imere, ndipo iyo imakuwerengera kuti zoterozo zingachitike kangati. Anatuma a nyaTembo, mayi wachikulire amene ankasunga kiyi wa chipindacho, kuti amutapire njere makumi awiri. Dyness anazifesa m'mbale ya mchenga, n'kumathirira. Zonse zinamera kupatula imodzi.

Kompyuta inati mbewuyo ikanakhala yofooka, yomera theka lokha, kumera kotereku kukanachitika kawiri kokha pa maulendo 100,000. Pamsonkhano Dyness anayankhula mosazengereza.

"A Marjory, mbuzi yanuyo isiyeni. Mbewu ili bwino chomene."

"Yewo, mwana wane," anatero a Marjory. "Iwe ndiwe wasukulu, mbwenu tidzala."

Anadzala. Soya anamera apa ndi apo, mapando ambiri ali gwaa. Pomwe anthu ankathamangira mbewu yopakiza, m'mashopu inali itatha ndipo nyengo inali itapita.

Dyness anabwereza masamu aja mpaka mutu kuwawa, osapeza cholakwa. Kenako anapita kwa a nyaTembo.

"Amama, ndapota, njere zija munatapa bwanji?"

"Ndinakhuthulira palichero n'kusankha zonenepa," anayankha mayiwo mosabisa. "Si unati zikukayesedwa? Chinthu chokaonekera kwa anthu ungapereke chokwinyika? Tikanachita manyazi tonse."

Kwathu kuno mlendo timamugwirira nkhuku yonenepa, chimanga cha kutchalitchi timasankha chachikulu, ndipo a nyaTembo anachita zomwe anaphunzitsidwa kuyambira ali mwana. Koma fomula ija imafuna njere zotapidwa chisawawa, zabwino ndi zoipa momwe zakhalira m'thumba. Dyness ankadziwa zimenezi, kungoti sanaganize kuti n'zofunika kuzinena pakamwa.

Zinandimvetsa chisoni kumuona chaka chimenecho. Amuna ena ankamufunsa pamsika ngati laputopu yayamba kubala soya. Iye anangouza gulu kuti njere zoyesedwa zija zinali zochita kusankha, koma sanatchule dzina la a nyaTembo kwa wina aliyense, ndipo ulembi sanausiye. A Marjory anakolola kathumba kosadzadza, mbuzi ija n'kuigulitsabe kuti agule chimanga. Akakumana ndi Dyness panjira ankangoyankha moni n'kupitirira.

Chaka chotsatira, mitambo itayamba kusonkhana, Dyness anamva odi pakhomo. Anali a Marjory, atasenza thumba la mbewu imene anapempha kwa mchimwene wawo ku Euthini. Analitula pakhonde, n'kumasula chingwe.

"Ndilibenso mbuzi yogulitsa," anatero. "Pisa wekha dzanja mpaka pansi utape zokayesa, ndipo usayang'ane."